Kapitawo wa Alamu Ake

Pa fakitale yosoka mayunifolomu a ana asukulu ija, aliyense ankamudziwa ndi dzina loti Mapini, chifukwa posoka ankakonda kuluma mapini atatu kapena anayi n'kumayankhula ali chilumire. Anali atagwirapo zaka zisanu ndi zinayi akulumikiza manja a malaya, pa makina oyandikira khomo. Amene anamulowetsa ntchito anali alamu ake, akazi a achimwene ake aakulu, omwe anali atasoka makolala pamalopo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, pa makina a kumapeto kwenikweni kwa mzere. Iwowa ndi amene anamuphunzitsa kuponda makina ndi kulowetsa ulusi, komanso mmene munthu amapemphera kupita kuchimbudzi popanda kukwiyitsa kapitawo.

Kapitawo wakale atapuma ntchito, azimayi onse khumi ndi asanu ndi atatu a pamzerewo ankadziwa kuti mpando ukupita kwa alamuwo. Ena anali atayamba kale kuwatchula kuti abwana mwanthabwala. Koma Lolemba m'mawa manijala anatuluka mu ofesi yake ya magalasi, n'kuimitsa makina onse, n'kulengeza kuti kuyambira tsikulo kapitawo ndi Mapini, chifukwa ndi wachangu ndiponso amatha kulemba malipoti pa kompyuta.

Palibe anawomba m'manja. Alamu akewo anaweramira makina awo n'kuponda, ndipo ena onse anatsatira.

Manijala anaitanira Mapini mu ofesi n'kumupatsa jasi la buluu, kabuku ndi kiyi wa chipinda cha ulusi.

"Ndakhala pampando uwu zaka khumi ndi zisanu," anatero, "ndiye ndikuuze chinthu chimodzi. Anthu awo dzulo anali anzako, lero si anzako. Mwezi uno usanathe upeze mmodzi woti achoke. Akaona mnzawo akutuluka pageti atakwapatira chikwama, otsalawo azikumvera mpaka udzakalambe."

"Nanga ngati palibe wolakwa, bwana?"

"Wolakwa sasowa. Ukamusowa ndiye kuti sukuyang'ana."

Masana a tsiku lomwelo Mapini anatenga kambale kake n'kupita pa benchi la kuseri kwa fakitale, pomwe ankadyera masiku onse. Azimayi aja atamuona anafutukuka mpaka malo onse anatha. Mayi wina wapakamwa, yemwe ankamutchula kuti Wamabatani potengera ntchito yake, anati, "Abwana amadyera ku ofesi. Kuno kuli ntchentche."

Alamu ake anapukuta manja bwinobwino n'kumuyang'ana.

"Mwaswera bwanji, akapitawo?"

Chikwatiwire ndi achimwene ake, Mapini ali mu kalasi yachitatu, alamuwo anali asanamutchulepo kuti inu. Mapini anakadyera choimirira m'chipinda cha ulusi.

Poona kuti ulemu sakupatsidwa, anaganiza zoufuna ndi malamulo. Analemba papepala n'kumata pakhoma: kucheza pa nthawi ya ntchito n'koletsedwa, ndipo pa nthawi ya chakudya magetsi a makina azithimitsidwa, aliyense azituluka. Lamulo lachiwirilo analiika chifukwa ankaona azimayi atatu kapena anayi akutsalira mkati masana alionse ataunjikana kumapeto kwa mzere, ndipo ankakhulupirira kuti amakhala akumunena.

Azimayi aja anamvera malamulowo mpaka kupyola muyeso. Ulusi ukatsala pang'ono kutha, palibe ankanena. Tsiku lina makina osokera mipendero anasiya kuyenda, ndipo mwini wake anangopinda manja n'kukhala duu kwa ola lathunthu, malaya akuunjikana kumbuyo kwake.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Mapini.

"Paja munati tisamayankhule, bwana."

Mzere wonse unaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Mapini anayamba kukalipa. Ankayenda uku ndi uku ndi kabuku kake, akuloza anthu ndi cholembera, kenako n'kukadzitsekera pa kompyuta kulemba malipoti osonyeza kuti ntchito ikutsika. Mabokosi a malaya otha akabwera kuti awavomereze, ankangosaina pamwamba osatsegula, chifukwa nthawi inali itamuthera m'kukalipa.

Pa sabata yachitatu, Lachiwiri, galimoto inabweza mabokosi asanu ndi limodzi a malaya oyera kuchokera kusukulu ina. Manijala anatulutsa malaya amodzi n'kumuponyera Mapini pachifuwa. Kolala yake inali yopotoka, nsonga imodzi yaitali, ina yaifupi.

"Malaya mazana awiri, onse otere," anatero. "Wosoka makolala ndi mmodzi pamzere wako. Munthu uja unkamusowa wapezeka. Lachisanu kalata yake ikhale pa tebulo langa."

Mapini anatuluka mutu utatentha. Anadutsa mzere wonse mpaka kumapeto, n'kukweza malaya aja m'mwamba kuti aliyense aone.

"Alamu, zaka makumi awiri ndi ziwiri, kolala yake n'kukhala iyi? Ngakhale wobwera dzulo sangasoke zoterezi. Mukufuna kundichotsetsa ntchito chifukwa mpando sunabwere kwa inu?"

Makina onse anaima. Alamu akewo sanayang'ane malayawo n'komwe. Anaimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo.

"Mwamaliza, akapitawo? Kapena pali zina, ndidikire?"

"Ndamaliza."

"Zikomo." Anakhala pansi n'kuponda makina.

Wamabatani anayankhulira m'mabatani ake, koma mokweza kuti amveke. "Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame."

Ataweruka Lachitatu, Mapini anapeza achimwene ake atakhala pa sitepe ya nyumba yake, atavala yunifolomu yawo ya udalaivala wa basi. Anakana mpando, anakananso madzi.

"Mlamu wako sanadye chichokere kuntchito dzulo," anatero. "Unam'peza ali ndi ulemu wake pafakitale paja. Iye anakupeza iwe uli ndi mamina m'mphuno. Ndani ankakuluka tsitsi amayi ali m'chipatala? Lero wamera nyanga chifukwa cha kajasi?"

"Achimwene, nanga makolalawo ndinasoka ndine?"

"Za makolala sindizidziwa ine. Chimene ndikudziwa n'chakuti ukamuchotsa ntchito, pakhomo panga usadzapondenso. Ngakhale pamaliro anga ndisadzakumve ukulira."

Anadzuka n'kumapita osatsanzika.

Mapini anatsala pa sitepe paja akuganiza. Mkwiyo utatsika, chinthu chimodzi chinakana kumuchoka m'mutu. Alamu ake ankanyadira makolala awo kuposa china chilichonse. Akanafuna kumugwetsa, akanachedwetsa ntchito kapena kubisa ulusi, koma osati kuwononga kolala ndi manja awo.

Lachinayi anasiya kabuku mu ofesi. Anakoka kampando n'kukhala kuseri kwa mulu wa nsalu kumapeto kwa mzere, akunamizira kusanja mitolo, ndipo sanayankhule ndi munthu m'mawa wonse. Poyamba azimayi ankamuyang'ana cham'mbali, koma ntchito itawakoka anamuiwala.

Anaona kuti babu la pamwamba pa makina a alamu ake linali lakufa, fumbi litachita kukuta. Anaona kuti alamuwo sankayang'ana mzere wa choko pansalu, ankangoupapasa m'mphepete ndi chala. Kenako ulusi unaduka. Alamu akewo anatsokomola kawiri, ndipo Wamabatani, yemwe ankakhala pafupi nawo, anawerama ngati akutola batani, n'kulowetsa ulusi pa singano yawo, n'kubwerera pamalo pake. Zinachitika kanayi belu la masana lisanalire.

Belu litalira, Mapini anaimitsa Wamabatani pakhomo anthu ena atatuluka.

"Zinayamba liti?"

"Zinthu zanji, bwana?"

"Maso a alamu anga."

Wamabatani anataya ulemu wake wachinyengo uja.

"Chaka chatha. Pansalu ya mtundu amatha, koma choyera pa choyera saona. Masana tinkatsalira mkati n'kumasula makolala opotoka, n'kusokanso tisanaike m'mabokosi. Ndiye kunabwera munthu wanzeru n'kuthimitsa magetsi."

"Bwanji simunandiuze? Ndi alamu anga."

"Ndiye chifukwa chake. Ukanakauza achimwene ako, achimwene ako akanawaletsa ntchito. Pano ukauza abwana ako. Pita, ofesi ndi iyo."

Mapini anaona pomwe vuto linayambira. Lamulo linali lake, ndipo siginecha ya pamwamba pa mabokosi asanu ndi limodzi aja inalinso yake.

Anthu atabwerera ku makina, anapempha alamu ake kuti alowe m'chipinda cha ulusi, n'kutseka chitseko. Chinali chipinda chopanikiza, mashelefu mbali zonse, munthu woima pakati akanatha kugwira makoma onse awiri.

"Alamu, ndinalakwa dzana. Pepani."

"Kundinyoza unandinyozera pagulu. Kupepesa ukupepesera m'kabati."

"Ndidzapepesanso pagulu. Koma pali nkhani ina. Maso anu."

"Maso anga alibe vuto."

"Ndaona m'mawa wonse."

"Wayamba ukazitape tsopano? Ndi zimene akukuphunzitsa mu ofesi muja?"

Mapini anatenga singano pa shelefu, n'kudula ulusi woyera, n'kuwapatsa. Ankadziwa kuti akuchita chinthu chowawa, koma njira ina sanaione.

"Lowetsani, ndikhala chete mpaka kalekale."

Alamu akewo analandira. Ananyowetsa ulusi ndi malovu, n'kukweza singano kuyang'ana ku babu. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso, unadutsanso pambali. Utaphonyanso kachitatu, anaponya singanoyo pansi.

"Wakhutira?"

"Sindikufuna muchoke, alamu. Mupite kuchipatala akaone masowo. Pakadali pano mukhale pa tebulo lositira, n'kumaphunzitsa wina makolala."

"Kusita ndi ntchito ya obwera kumene. Ine ndinasita iwe usanathe msinkhu. Ukufuna ndibwerere ku simbi, ana amene ndinawaphunzitsa ndekha azindiseka?"

"Pa makolala sindingakusiyeni. Mabokosi ena akabwezedwa, tonse tipita."

"Ndiye lemba kalata yakoyo. Kundichotsa kuli bwino kusiyana ndi kundivula pang'onopang'ono."

Anatsegula chitseko n'kutuluka.

Lachisanu m'mawa Mapini anaika pepala pa tebulo la manijala. Manijala anawerenga mizere yoyamba, nkhope n'kusintha.

"Ichi n'chiyani? Ndinapempha kalata yochotsa munthu."

"Ndi lipoti la zomwe zinachitika, bwana. Babu la pa makina a makolala linafa kalekale. Wosokayo maso akumuvuta pa nsalu yoyera, akufunika kuonana ndi dokotala. Anzake ankakonza zolakwikazo masana, ine ndinawaletsa osafunsa zomwe amachita. Ndipo mabokosi onse ndinasaina osatsegula."

"Wosoka wosaona. Ndiye ukuti ndimusunge azitani, aziimba?"

"Makolala amawadziwa ndi manja. Ndikufuna aphunzitse wina kwa mwezi umodzi ali pa tebulo lositira. Mukamuchotsa lero, pamzere palibe wina wodziwa makolala kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Ine ndikufuna dzina."

"Dzina lili pamwamba pa bokosi lililonse, bwana. Ndi langa."

Manijala anatsamira mpando n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndimayesa ndasankha munthu wolimba, osadziwa kuti ndasankha nesi. Chabwino, ukufuna kusenza, senza." Anatulutsa pepala la chenjezo, n'kulembapo dzina la Mapini, n'kumukankhira kuti asaine. "Masabata awiri. Malaya onse mazana awiri akonzedwe, ntchito ya masiku onse isatsike, ndipo ovataimu palibe. Ukalephera mutulukira geti limodzi, iwe ndi mlamu wakoyo."

Mapini anasaina. Atatuluka anathimitsa makina onse n'kuima pakati pa mzere.

"Lachiwiri ndinanyoza alamu anga pamaso panu. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa pamaso panu pomwe. Mabokosi aja anadutsa m'manja mwanga, chenjezo ndalandira ndine. Palibe akuchoka." Anapita kukhoma n'kung'amba pepala la malamulo lija. "Yankhulani mmene munkayankhulira. Koma zobisa zatha. Kolala ikapotoka ibwere kwa ine nthawi yomweyo, osati masana mwakabisira. Makina akafa, mundiuze pompo. Wopinda manja pa makina akufa ndimulembera chenjezo, ndipo sindikuseka. Kuyambira Lolemba alamu akhala pa tebulo lositira, aziphunzitsa makolala."

Kenako alamu ake anayankhula ali chikhalire, osatembenuka.

"Wakauza munthu uja za maso anga."

"Ndamuuza, alamu. Popanda kutero akanati mumawononga dala."

"Maso ndi anga. Unandipempha?"

Mapini anali asanawapemphe. Wamabatani anatsonya mokweza, ndipo makina anayambanso kulira.

Tsiku lomwelo Mapini anakakokera makaniko kumapeto kwa mzere n'kuima pomwepo mpaka babu latsopano litayaka. Masana anavula jasi, n'kutsegula bokosi loyamba, n'kukhala pa makina ake akale akumasula makolala yekha. Azimayi anangomudutsa popita kukadya. Lolemba anakhalanso yekha. Lachiwiri mayi wa mipendero uja anabwerako msanga kuchokera ku benchi, n'kutenga mulu wa malaya osamuyang'ana, n'kukakhala nawo patali. Pofika Lachinayi anali asanu. Wamabatani anabwera pomalizira.

"Usaganize kuti tikuchitira iwe," anatero akukoka bokosi.

"Sindikuganiza choncho."

"Ndipo umamasula ngati ukusenda chinangwa. Nsaluyo ung'amba. Ona mmene timachitira."

Pa makina a makolala Mapini anaikapo mayi wina wofatsa yemwe poyamba ankasoka matumba. Alamu ake ankasita malaya atatembenukira kukhoma, ndipo kwa masiku atatu anakana kuphunzitsa. Koma tsiku lachinayi kolala ya mayi uja itafika pansi pa simbi yawo, anaipapasa, n'kuinyamula, n'kukamuponyera pa makina.

"Imeneyi ndi kolala kapena lilime la ng'ombe? Suntha."

Anamugwira manja n'kumusonyeza pogwira nsalu. Kuyambira pamenepo ankamuphunzitsa tsiku lililonse, mokalipa, koma Mapini akayandikira ankasiya n'kubwerera ku simbi.

Masabata awiri anakwana kutatsala malaya makumi awiri. Anamaliza tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu. Manijala anakalipa mpaka khosi kuuma, anatchula za geti kangapo, koma sukulu ija inalandira malayawo, ndipo iye analibe munthu wina woti amuveke jasi. Nkhaniyo anangoisiya. Kuchokera tsikulo sankamupatsanso moni Mapini, ndipo pamisonkhano ankamutchula kuti nesi wathu.

Kuchipatala anawauza alamu aja kuti magalasi sangathandize, ndi ng'ala, ikufunika opaleshoni. Anasita malaya kwa mwezi ndi theka osayankhula ndi Mapini china chilichonse chosakhudza ntchito. Mayi wa makolala uja atayamba kusoka mowongoka, alamuwo anakasiya kalata yawo yosiya ntchito kwa manijala m'manja, kudumpha kapitawo, ndipo mwezi utatha sanabwerenso. Mapini anamva nkhaniyo kwa mlonda wa pageti.

Pa benchi azimayi aja ankamusiyira malo tsopano, kumapeto, ndipo nkhani zina zinkatha iye akakhala. Koma makina akafa ankamuitana, ndipo kawiri konse mzere wake unamaliza ntchito ya sabata tsiku lisanakwane. Wamabatani anachedwa masiku atatu otsatizana. Mapini anamuitanira pambali n'kumufunsa chifukwa, ndipo atamva kuti palibe chifukwa chenicheni anamulembera chenjezo. Anatha sabata osalonjerana.

Loweruka lina, atamva kuti opaleshoni ya diso loyamba yachitika, Mapini anakulunga m'pepala sizasi yaikulu ndi kapilo ka pampando zomwe alamu ake anasiya kuntchito, n'kukwera basi. Anapeza alamuwo atakhala pakhonde, diso lakumanzere litamatidwa thonje. Achimwene ake anali mkati, wailesi ikumveka, koma sanatuluke.

"Odi, alamu. Muli bwanji?"

"Monga ukuoneramu."

"Ndabweretsa katundu wanu."

Analandira, n'kumasula pepalalo, n'kutsegula sizasi ndi kuitseka kawiri pafupi ndi khutu.

"Wina wadulira pepala sizasi yangayi."

"Sindikudziwa, alamu. Ndinaipeza mu dirowa."

"Kapitawo wosadziwa zochitika mu dirowa." Anaika sizasiyo pamwendo. Mwana wa oyandikana nawo nyumba anadutsa atavala malaya asukulu, ndipo anamutsatira ndi diso limodzilo mpaka anakhota. "Uja wa makolala akusoka bwanji?"

"Akuyesetsa. Koma pa nsalu yopyapyala nsonga zikumatukumuka."

"Akukoka ya pansi. Ndinamuuza kangati? Ya pansi aziisiya iziyenda yokha, azigwira ya pamwamba. Ukamuuze."

"Ndikamuuza."

Mapini anaima kanthawi atagwira chikwama chake. Pakhondepo panali mpando wina wopanda munthu, koma palibe anamuuza kuti akhale. Anatsanzika, alamu ake anagwedeza mutu pang'ono, ndipo iye anatsika masitepe n'kulunjika kokwerera basi.